Momwe mungagulire filimu yakale pa diski osadzanong'oneza bondo

Filimu imodzi yakale imakhala ndi makope ambirimbiri pamsika, onse olembedwa dzina limodzi, onse ndi nkhope yomweyo pachikuto. Kope lina anadulamo zigawo, lina analifinya chithunzi, lina analipaka mawu achilendo, lina deki yanu ilikana ngakhale mutaipempha bwanji. Ndiye musanatulutse ndalama, funso loti "ndikufuna filimu iti" ndi losavuta. Lovuta ndi loti "kope liti". Malangizo awa akutsatira mafilimu a Bruce Lee, chifukwa aliyense amene anakulira m'mavidiyo sho amamudziwa, komanso chifukwa pafupifupi vuto lililonse limene lingagwere filimu yakale linawagwera mafilimu ake. Njira yake ndi yomweyo kaya mukufuna filimu ya ku Hong Kong, ya ku America kapena ya ku Senegal.

1. Pezani dzina lenileni ndi chaka chake

Izi zikumveka ngati zachibwana mpaka mutagwa nazo. Bruce Lee anamaliza mafilimu anayi okha ali wosewera wamkulu atakula: The Big Boss ya 1971, Fist of Fury ndi The Way of the Dragon za 1972, ndi Enter the Dragon ya 1973. Zitafika ku America, maina anasokonekera. The Big Boss inatuluka ndi dzina loti Fists of Fury, Fist of Fury yeniyeni inatchedwa The Chinese Connection, ndipo The Way of the Dragon inasanduka Return of the Dragon. Madiski akale a ku America akadali ndi maina amenewa. Mukhoza kuitanitsa filimu ya kusukulu ya karati ku Shanghai n'kulandira ya kufakitale ya madzi oundana ku Thailand, kusiyana kwake chilembo chimodzi chokha, "s".

Palinso Game of Death ya 1978. Bruce Lee anamwalira pa 20 July 1973 asanaimalize, ndipo anaimaliza ndi anthu ena ovala magalasi akuda kapena otembenuzira msana ku kamera. Iye mwini amaoneka kwa mphindi pafupifupi 11 za ndewu zakumapeto. Pambali pa izi pali gulu lonse la mafilimu a anthu odzitcha Bruce Li, Bruce Le ndi Dragon Lee, amene ogulitsa ena amawaika chithunzi cha Bruce Lee weniweni pachikuto. Ena mwa iwo ndi okoma ndithu m'njira yawo, koma muziwagula mukudziwa. Lembani papepala dzina loyambirira, chaka ndi dzina la amene anaiwongolera, ndipo muziyerekeza ndi zolembedwa kuseri kwa chikuto.

2. Dziwani kuti deki yanu imawerenga madiski a chigawo chiti

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, makamaka kwa amene amatumizitsa madiski kwa abale okhala kunja. Makampani anagawa dziko lapansi m'zigawo, ndipo diski ya chigawo china imakana kusewera pa deki ya chigawo china.

Pa DVD zigawo zake ndi manambala. America ndi Canada ndi 1. Ulaya, Japan ndi South Africa ndi 2. Hong Kong ili mu 3. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, pamodzi ndi mbali yaikulu ya Africa, zili mu 5. Nambalayi imalembedwa m'kachizindikiro ka dziko lapansi kuseri kwa chikuto, ndipo mukaona 0 kapena ALL ndiye kuti ndi yosatsekedwa. Mwayi wake ndi woti madeki ambiri otchipa a DVD amene ali m'masitolo kwathu amawerenga chilichonse.

Blu-ray, diski ya chithunzi chakuthwa kuposa cha DVD, ilibe chifundo choterocho. Zigawo zake ndi zilembo zitatu: A ndi ya America yonse ndi maiko monga Japan, Korea ndi Hong Kong, B ndi ya Ulaya, Africa, Australia ndi Middle East, C ndi ya China, Russia ndi India. Ife tili mu B, limodzi ndi Britain, ndiye diski yochokera ku London kapena ku Johannesburg siyenera kuvuta pa deki yogulidwa m'maiko amenewa. Bokosi lotchuka la kampani ya Criterion lotchedwa Bruce Lee: His Greatest Hits, la 2020, ndi la chigawo A. Pa deki ya B mudzangoona uthenga wokukanizani basi. La kampani ya Arrow ya ku Britain, Bruce Lee at Golden Harvest, linatuluka mu 2023, ndipo ndilo loyenera wa chigawo B. PlayStation nayonso imatsatira zigawozi posewera mafilimu, choncho fufuzani kumene yanuyo inagulidwa.

Madiski a 4K Ultra HD, a chithunzi chakuthwa kuposanso cha Blu-ray, alibe zigawo, koma amafuna deki yakeyake. PlayStation 5 yokhala ndi polowetsa diski imawawerenga, PlayStation 4 ayi, ngakhale Pro imene. Ndipo ngati mwaganiza zoitanitsa deki ku America, yang'anani kuseri kwake kaye: magetsi a kumeneko ndi a 120V, athu ndi a 230V. Ngati sipanalembedwe 100–240V, mukaiplaga mwachindunji mudzamva fungo.

3. Werengani mphindi

Kuseri kwa chikuto kumalembedwa kutalika kwa filimu. Nambala imeneyi ndi mboni yabwino kuposa mawu akuluakulu akuti UNCUT amene aliyense akhoza kudinda.

Ku Britain, bungwe loona mafilimu la BBFC, pa nthawi imene linkatsogozedwa ndi James Ferman, linkadula zigawo zonse zoonetsa nunchaku, timitengo tiwiri tolumikizidwa ndi tcheni tija. Lamuloli linafewa iye atachoka mu 1999. Ndiye matepi ndi makope akale a ku Britain a mafilimu a Bruce Lee alibe zigawo zimene anthu ambiri amazifunira filimuyo. Mukagula ya kaunjika yochokera kumeneko, onani chaka chimene diskiyo inatuluka.

Enter the Dragon ili ndi mitundu iwiri yovomerezeka. Wina ndi umene unaonetsedwa m'maholo mu 1973. Wina, wotalika ndi mphindi pafupifupi 3, uli ndi chigawo chimene Bruce Lee akukambirana ndi mkulu wa ansembe a ku Shaolin za nzeru ya kumenya. Diski ya 4K ya Warner ya 2023 ili ndi yonse iwiri, ndipo umu ndi momwe diski yabwino iyenera kukhalira: ikupatseni zonse, musankhe nokha.

Koma samalani ndi chinthu chimodzi musanaweruze kuti filimu ndi yodulidwa. Filimu ya m'holo imathamanga zithunzi 24 pa sekondi, pamene DVD ya PAL, yomwe ndi ya ku Ulaya ndi kwathu kuno, imathamanga 25. Choncho filimu ya mphindi 100 imakhala ya mphindi 96 popanda kudulidwa kanthu, ndipo mawu a anthu amakwera pang'ono. Ngati kusiyana kwa makope awiri kuli pafupifupi mphindi 4 pa 100 iliyonse, ndi PAL chabe. Kukapitirira apo, lumo linadutsapo. Blu-ray kawirikawiri imasunga liwiro la 24.

Ndipo kutalika si ubwino nthawi zonse. Zigawo zina anazichotsa mwini filimu chifukwa zinali zotopetsa, kenako kampani n'kuzibwezeramo kuti igulitsenso diski.

4. Onani maonekedwe a chithunzi

Mafilimu a Bruce Lee anajambulidwa otambalala, m'lifupi kuposa kawiri msinkhu wake, zimene pachikuto zimalembedwa 2.35:1 kapena 2.39:1. Pa TV yamakono amayenera kukhala ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Mizere imeneyi si vuto. Makope a nthawi ya matepi ankadula m'mbali kuti chithunzi chidzaze TV yabokosi, ndipo pafupifupi theka la chithunzi linkatayika. Pa ndewu ya Bruce Lee ndi Chuck Norris ku Colosseum ku Rome, awiriwo amaima motalikirana, wina kumanzere wina kumanja, akuyezana. Mu kope lodulidwa mumaona mmodzi yekha, kapena khoma lapakati pawo. Mukaona mawu akuti Full Screen kapena 4:3 pa filimu yotere, ibwezeni pashelefu.

Mafilimu a chaka cha 1953 chisanafike ndi ena: ambiri ndi a 1.37:1, ndipo mizere yakuda imakhala m'mbali. Amenewo akadzaza TV yonse ndiye kuti wina wadula mitu ndi mapazi. Pa DVD ya filimu yotambalala funani mawu akuti anamorphic kapena 16:9, apo ayi mudzapeza kachithunzi kakang'ono pakati, kozunguliridwa ndi mdima mbali zonse zinayi.

5. Funsani kuti chithunzicho chinatengedwa pa chiyani

Pano m'pofunika kukhalitsa, chifukwa n'zimene zimasiyanitsa diski yoyenera mtengo wake ndi yongokongola chikuto.

Filimu yakale inajambulidwa pa lamba wa pulasitiki wa 35mm. Lamba amene anali mu kamera tsiku lojambula amatchedwa original camera negative. Kuchokera pa iye ankapanga kope, pa kopelo n'kupanganso lina, mpaka kufika pa limene linkazungulira m'maholo, likukalika ndi kuduka. Pa sitepe iliyonse chithunzi chimataya kuthwa kwake. Kampani yosamala imanena poyera kuti inatenga kuti: mudzaona mawu onga "4K restoration from the original camera negative", nthawi zina ndi dzina la labu imene inagwira ntchitoyo, monga L'Immagine Ritrovata ya ku Bologna ku Italy. Mawu akuti "digitally remastered" okha, opanda kunena chaka kapena gwero, satanthauza kanthu. Ngakhale tepi ya VHS yokoperedwa pa kompyuta akhoza kuilemba choncho osanama.

Vutoli limakula pa mafilimu amene alibe mwini mwalamulo. Night of the Living Dead ya George Romero ya 1968 inatuluka yopanda chizindikiro cha umwini, ndiye aliyense ankaloledwa kuigulitsa, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankaidziwa ngati filimu yachimbuuzi, yamawu osokosa. Museum of Modern Art ya ku New York itaikonza kuchokera pa lamba woyambirira, Criterion n'kuitulutsa mu 2018, anthu anaona kuti inajambulidwa mwaluso. Makope akale aja akugulitsidwabe, ndi dzina lomwelo.

Kenako pali timadontho. Chithunzi cha pa lamba chimakhala ndi timchenga tosaoneka bwino tomwe timavinavina, makamaka m'malo amdima ndi kumwamba. Si litsiro, ndiye chithunzicho chimenecho. Makampani ena amaopa kuti ogula adandaula, ndiye amatichotsa ndi kompyuta, ndipo pamodzi nato pamachoka makwinya a nkhope, ulusi wa malaya ndi thukuta. Chitsanzo chimene okonda mafilimu amachitchula mpaka lero ndi Blu-ray ya 2010 ya Predator yotchedwa Ultimate Hunter Edition. Filimu ya amuna othukuta m'nkhalango inasanduka ya anthu osalala nkhope ngati zidole zovekedwa zovala pawindo la sitolo. Njira imeneyi olemba ndemanga amaitcha DNR, ndipo mukaona zilembo zitatuzi zikubwerezedwa mokwiya, dziwani kuti pali nkhani.

Kwa ine, Blu-ray yochokera pa lamba wabwino imaposa 4K yosambitsidwa ndi kompyuta, ndipo ngati TV yanu ndi ya mainchesi 32, musavutike n'komwe ndi 4K. Manambala ake ndi awa: DVD ya PAL ili ndi timadontho 720 m'lifupi ndi 576 mumsinkhu, Blu-ray 1920 ndi 1080, 4K 3840 ndi 2160. Kulumpha kuchoka pa DVD kupita pa Blu-ray kumaoneka ndi aliyense. Kulumpha kwachiwiriko kumafuna TV yaikulu ndi kukhala pafupi.

6. Mvetserani za mawu

Mafilimu a ku Hong Kong a zaka za m'ma 1970 ankajambulidwa opanda mawu, mawuwo n'kuikidwa pambuyo mu situdiyo. Ndiye The Big Boss ili ndi Chimandarini, Chikantoni ndi Chingerezi, ndipo nyimbo zake zimasiyana malinga ndi chinenero. Palibe chifukwa chochitira manyazi ngati mumakonda Chingerezi chakale chija chimene milomo imatseka mawu akupitirirabe. Ndicho ambiri tinakula nacho. Chofunika n'choti diskiyo ikhale nacho pamodzi ndi chinenero choyambirira. Mu Enter the Dragon mumamva mawu a Bruce Lee mwini akulankhula Chingerezi.

Funani mawu akuti original mono. Madiski ena a zaka za m'ma 2000 anakonzanso mawu kukhala 5.1, n'kusintha kulira kwa zibakera, mfuti ndi magalasi osweka ndi mawu atsopano a mu kompyuta, amene sagwirizana ndi chithunzi chakale. Onaninso mawu olembedwa m'munsi. Ena amamasulira zimene zikunenedwa m'Chitchaina, ena amangokopera Chingerezi cholowetsedwa chija, chomwe nthawi zambiri chinasintha nkhani kuti chigwirizane ndi milomo. Olemba ndemanga amawatcha dubtitles. Ngati m'nyumba muli wosamva bwino, zilembo SDH zikutanthauza kuti ngakhale phokoso ndi nyimbo zalembedwa.

7. Werengani ndemanga ya diskiyo, mudumphe ya filimu

Nyenyezi za m'masitolo a pa intaneti musazikhulupirire, chifukwa kawirikawiri amasakaniza ndemanga za makope onse pansi pa dzina limodzi, ndipo wopereka nyenyezi zisanu akuyamikira Bruce Lee osati diski. Pitani kumene amayeza diski yeniyeniyo. Blu-ray.com imagawa ndemanga pa chithunzi, mawu ndi zowonjezera, ndipo imanena chigawo. DVDBeaver ndi caps-a-holic zimaika chithunzi chimodzimodzi cha makope osiyana pafupi ndi pafupi. DVDCompare imandandalika makope a maiko osiyanasiyana ndi kunena odulidwa.

Poyerekeza zithunzi, yang'anani zinthu zitatu. Khungu: kodi likuoneka la munthu, kapena lapita ku buluu kapena chikasu? Malo amdima: mukuona makwinya a jekete lakuda, kapena ndi chibanthu chakuda bii? M'mphepete: kope lina likuonetsa dzanja kapena nyali imene linalo ladula? Chitani izi pa kompyuta kapena pa TV, chifukwa pa foni makope onse amaoneka abwino.

Nkhani za madiski amene akubwera zimalengezedwa miyezi ingapo asanatuluke, ndipo makampani monga Arrow, Eureka, 88 Films ndi BFI amatulutsa ambiri a chigawo B. Mawu akuti Limited Edition asakuthamangitseni magazi. Nthawi zambiri diski yomweyo imadzatulukanso m'chikuto wamba pamtengo wotsika, chosowa ndi kabuku ndi chithunzi chopachika pakhoma. Kudikira kuli ndi phindu linanso: diski yatsopano ikakhala ndi cholakwika, ogula oyambirira ndi amene amachipeza, kampani n'kukonza.

Njira yomweyi igwiritseni ntchito pa mafilimu akale a mu Africa, amene kwa nthawi yaitali ankapezeka m'makope otopa okhaokha. Black Girl ya Ousmane Sembène ya 1966 ndi Touki Bouki ya Djibril Diop Mambéty ya 1973 zinakonzedwa kudzera m'ntchito imene Martin Scorsese anayambitsa mu 2007, yomwe lero imatchedwa World Cinema Project. Black Girl inatulutsidwa ndi BFI ku Britain mu 2015, choncho wa chigawo B ali nayo poyambira.

8. Diski ili m'manja, itembenuzeni

DVD yochokera ku fakitale ndi yasiliva kapena yagolide pang'ono kunsi kwake. Yobena pa kompyuta imakhala yapepo kapena yabuluu, ndipo mukaipendeka pa kuwala mumaona mzere pamene zobenazo zathera. Pafupi ndi bowo lapakati, diski yeniyeni imakhala ndi tizilembo tating'ono todindidwa, kawirikawiri toyamba ndi IFPI. Chikuto chachimbuuzi, maina olembedwa molakwika ndi chizindikiro cha Blu-ray pa diski imene ikusewera pa deki wamba ya DVD, zonsezi ndi zizindikiro za feki.

Za madiski a "8 in 1" masamu ake ndi achidule. DVD imanyamula 4.7GB, kapena 8.5GB ikakhala ya magawo awiri, ndipo filimu imodzi yosamalidwa bwino imadya gawo lalikulu la malo amenewo. Mafilimu asanu ndi atatu akapanikizana m'menemo, ndewu ikangofulumira chithunzi chimasweka kukhala timabokosi.

Pa ya kaunjika, kukalika kodutsa kuchokera pakati kupita m'mphepete nthawi zambiri deki imakulumpha. Koopsa ndi kozungulira motsatira diski. Mawanga ooneka ngati nkhungu kapena dzimbiri mkati mwa pulasitiki sapukutika, ndiye isiyeni. Ngati n'kotheka iyeseni pomwepo, ndipo mudumphire kupitirira theka la filimu, chifukwa diski ya magawo awiri imakonda kukakamira pamene ikusinthira ku gawo lachiwiri.

9. Konzani TV musanayambe kuonera

Ntchito yonseyi ikhoza kuonongedwa ndi TV yanu yomwe. Ma TV ambiri amachoka kusitolo atatcheredwa kuti aziwala kwambiri ndi kusalaza mayendedwe, powonjezera zithunzi zabodza pakati pa zenizeni. Pa mpira zimathandiza, koma filimu imaoneka ngati sewero lojambulidwa ndi foni, ndipo mwendo wa Bruce Lee ukamathamanga umasiya chithunzithunzi chophwanyika m'mbali. Kusalaza kumeneku Samsung imakutcha Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, LG TruMotion, Sony Motionflow. Zimitsani. Sankhani Movie, Cinema kapena Filmmaker Mode ngati ilipo. Poyamba chithunzi chidzaoneka chofiirira ndi chakuda pang'ono, koma pakatha mphindi zochepa maso amazolowera. Tsitsani Sharpness, zimitsani Noise Reduction, ndipo pa kukula kwa chithunzi sankhani Original, Just Scan kapena Fit to Screen, kusiya Zoom. Lumikizani deki ndi chingwe cha HDMI. Zingwe zitatu zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira, sizinganyamule chithunzi cha Blu-ray.

Mukamaliza kuonera, bwezerani diski m'chikuto chake, muiimike chilili pashelefu, kutali ndi windo lolowa dzuwa komanso osati pamwamba pa deki yotentha. Ikadetsedwa ndi zala, pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pabowo kupita m'mphepete, osazungulira. Ndipo magetsi akamavutavuta, tulutsani diski ndi kuzula deki pakhoma, chifukwa akabwera mwamphamvu chimene chimapsa ndi deki, ndipo ya Blu-ray siipezeka msanga m'masitolo athu.